Apolisi a sitima ndi anthu osowa pogona m'masiteshoni a ku America

Makampani ambiri aboma oyendetsa sitima m'mizinda ikuluikulu ya ku United States ali ndi apolisi awoawo, osiyana ndi apolisi a mzinda. Apolisi amenewa anakhazikitsidwa kuti azigwira opisa m'matumba, azileretsa ndewu, aziteteza njanji ndi katundu, ndiponso azithana ndi okwera osalipira. Masiku ano zambiri zomwe amaitanidwira si zaumbanda. Amaitanidwa chifukwa munthu wagona pabenchi ndipo sakudzuka, mayi akukuwa yekha m'sitima, mnyamata wakomoka m'chikepe jakisoni ali m'manja, kapena munthu waima m'mphepete mwa pulatifomu kwa nthawi yaitali akungoyang'ana njanji. Mfuti ndi unyolo sizithandiza pa zinthu zotere, ndipo kangapo konse zakulitsa vuto. N'chifukwa chake nthambi zina za apolisi a sitima zinatsegula magawo apadera ogwira ntchito ziwiri: kukhazika mtima pansi anthu omwe mutu wawasokonekera mwadzidzidzi, ndi kufikira anthu osowa pokhala kuti apeze thandizo.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha BART, kampani ya sitima zamagetsi zolumikiza San Francisco, Oakland, Berkeley ndi matauni ena ozungulira ku California. Sitima zake zinayamba kuyenda mu 1972, ndipo lero zimaima pa masiteshoni 50 m'zigawo 5 za boma limenelo.

Siteshoni ngati pothawira

Kalembera yemwe boma la America limachita usiku umodzi mu Januwale anapeza kuti mu 2024 anthu oposa 770,000 analibe pokhala. Mwa amenewa, pafupifupi 187,000 anali ku California, ndipo ambiri a iwo ankagona panja, m'matenti, m'galimoto kapena pansi pa milatho. Kwa munthu wotere siteshoni ili ndi zinthu zomwe msewu ulibe. Muli denga, mumafunda, mumawala, muli makamera ndi anthu odutsa nthawi zonse, moti mayi wogona pamenepo amakhala wotetezekako kusiyana ndi kuseri kwa nyumba kumdima. Tikiti imodzi imakwanira kuti munthu akhale pampando wa sitima kwa maola angapo, akungopita ndi kubwerera. Vuto limadza pakati pa usiku sitima zikamasiya kuyenda, chifukwa aliyense amatsitsidwa pasiteshoni yomaliza, nthawi zambiri m'tauni yakutali yomwe munthuyo sakuidziwa, kopanda malo ogona otsegula.

Pofotokoza za kuchuluka kwa anthu amenewa, ambiri amathamangira kutchula misala ndi mankhwala ozunguza bongo. Zimenezi zilipodi, koma chomwe chimasiyanitsa dera ndi dera ndi mtengo wa lendi. Boma la West Virginia lili ndi umphawi waukulu ndiponso vuto lalikulu la mankhwala, koma anthu ogona panja ndi ochepa poyerekeza ndi California chifukwa nyumba n'zotchipa. Kumene lendi yakwera kwambiri, oyamba kugwa ndi odwala, olumala, otuluka kundende ndi achinyamata okulira m'manja mwa boma. Ndipo moyo wa pamsewu pawokha umadwalitsa: munthu wosagona tulo tokwanira kwa miyezi, woberedwa mankhwala ake kawirikawiri, amayamba kusokonezeka ngakhale poyamba anali bwinobwino.

Palinso mbiri ya zipatala. Mu 1955 zipatala zaboma za odwala matenda a maganizo ku America zinkasunga anthu oposa 550,000. M'zaka zotsatira zambiri zinatsekedwa, mwa zina chifukwa cha nkhanza zomwe zinkachitika m'menemo komanso kubwera kwa mankhwala atsopano. Cholinga chinali chakuti odwala azithandizidwa m'madera momwe akukhala, koma zipatala zazing'ono zolowa m'malo sizinamangidwe zokwanira. Lero mabedi m'zipatala zaboma zoterezi sakwana 50,000. Mapeto ake, munthu woyamba kukumana ndi wodwala yemwe matenda amukula nthawi zambiri amakhala wapolisi.

Njira ya ku Memphis

Maphunziro omwe apolisi ambiri amalandira pa nkhaniyi anayambira ku Memphis, m'boma la Tennessee. Mu 1987 apolisi kumeneko anaitanidwa kuti akathandize Joseph Dewayne Robinson, bambo wa zaka 27 yemwe ankadwala matenda a maganizo ndipo ankadzicheka ndi mpeni. Atakana kutaya mpeniwo, apolisi anamuwombera ndipo anamwalira. Anthu anakwiya kwambiri. Mu 1988 apolisi a mzindawo, mogwirizana ndi akatswiri a kuyunivesite ndi bungwe la mabanja a odwala lotchedwa NAMI, anakhazikitsa gulu la Crisis Intervention Team, lodziwika mwachidule kuti CIT. Wapolisi Sam Cochran ndi katswiri wa zamaganizo Randolph Dupont ndi omwe amatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake.

Maphunzirowa amatenga maola 40. Wapolisi amaphunzira kuzindikira zizindikiro za matenda osiyanasiyana, amamva kuchokera kwa odwala enieni ndi abale awo, ndipo amayeserera kulankhula ndi munthu wolusa mpaka mtima wake utsike. Olandira mafoni angozi nawonso amaphunzitsidwa kuti azidziwa nthawi yotumiza wapolisi wa CIT. Koma chinsinsi cha Memphis chinali china, chomwe mizinda yambiri yotengera njirayi inaiwala: panali chipatala chomwe chinavomera kulandira aliyense wobwera ndi apolisi, usana ndi usiku, osamubweza. Wapolisi ankasiya wodwala n'kubwerera kuntchito mwachangu. Kumene kulibe malo otero, wapolisi amadziwa kuti kuchipatala akadikira maola ambiri pomwe kuchitolokosi sakachedwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti amasankha chitolokosi.

Kafukufuku wa CIT wasonyeza kuti maphunzirowa amasintha maganizo a apolisi pa odwala ndipo amachulukitsa anthu otumizidwa kuchipatala m'malo mwa kundende. Umboni woti amachepetsa kuwomberedwa kwa anthu ndi wofooka.

Imfa ziwiri papulatifomu

Kusintha kwa apolisi a BART kunadza chifukwa cha maliro. M'bandakucha wa pa 1 Januwale 2009, pa siteshoni ya Fruitvale ku Oakland, wapolisi Johannes Mehserle anawombera kumsana Oscar Grant, mnyamata wakuda wa zaka 22, yemwe anali atagonekedwa chafufumimba wopanda chida. Okwera sitima anajambula zonse pa mafoni awo. Mehserle ananena kuti ankafuna kutulutsa Taser, chida chomwe chimagwidiza munthu ndi magetsi, ndipo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosafuna. Nkhaniyi inadziwika dziko lonse, makamaka filimu ya Fruitvale Station itatuluka mu 2013. Zitachitika izi BART inakhazikitsa ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo okhudza apolisi ake ndi komiti ya nzika yowunika ntchito yawo.

Imfa yachiwiri inakhudza mwachindunji anthu osowa pokhala. Pa 3 Julayi 2011, Charles Hill, bambo wa zaka 45 yemwe analibe nyumba, anawomberedwa pa siteshoni ya Civic Center ku San Francisco. Anali ataledzera ndipo anali ndi mpeni. Kuchokera pomwe apolisi anafika mpaka pomwe mfuti inalira sipanathe mphindi imodzi. Panachitika zionetsero, ndipo BART inadzudzulidwanso kwambiri itazimitsa netiweki ya mafoni m'masiteshoni ena mu Ogasiti chaka chomwecho pofuna kusokoneza ochita zionetserowo. Funso lomwe linatsala m'maganizo mwa anthu linali la nthawi: bwenzi zitatha bwanji akanakhala kuti wina anaima patali n'kulankhula naye kwa mphindi khumi?

BART inakulitsa maphunziro a CIT pakati pa apolisi ake ndipo inaika munthu wodziwa za matenda a maganizo kuti aziyang'anira ntchito yofikira anthu osowa pokhala. Mu 2020 inayamba kutumiza m'sitima anthu ovala yunifolomu koma opanda mfuti, otchedwa Transit Ambassadors, omwe ntchito yawo n'kungoonekera, kuthandiza okwera ndi kunena zomwe aona. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu Meyi chaka chomwecho, mkangano wokhudza ntchito ya apolisi unakula m'dziko lonse, ndipo BART inakhazikitsa nthambi yotchedwa Progressive Policing and Community Engagement Bureau. M'nthambi imeneyi muli alangizi otchedwa Crisis Intervention Specialists. Iwowa si apolisi olumbira, alibe mfuti ndipo samanga munthu. Ambiri anagwirapo ntchito yosamalira anthu m'madera, m'malo ogona osowa pokhala kapena m'zipatala.

Mmene ntchito imayendera

Wokwera sitima akaona munthu yemwe akuoneka kuti sali bwino, amatha kutumiza uthenga kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni ya BART Watch. Wolandira uthengawo amasankha woti apite. Ngati pali chida kapena wina wavulazidwa amapita ndi wapolisi, koma ngati ndi nkhani yongofuna kuona kuti munthu ali moyo ndipo ali bwino, amatha kupita ndi alangizi, wayilesi yolankhulirana ili m'manja kuti aitane apolisi kapena ambulansi zikavuta.

Luso lawo lagona pa tizinthu ting'onoting'ono. Mlangizi sadzidzimutsa munthu wogona pomugwedeza, chifukwa munthu wozolowera kuberedwa amadzuka ndi chibakera. Amaima patali pang'ono, cham'mbali, osatseka njira yothawira, manja ake akuoneka. Amatchula dzina lake, n'kufunsa la mnzakeyo. Amalankhula munthu mmodzi yekha, motsitsa mawu, ziganizo zazifupi, ndipo akafunsa funso amadikira, chifukwa munthu yemwe akumva mawu m'mutu mwake amachedwa kuyankha. Ngati munthuyo akunena kuti pali anthu omwe akumusaka kudzera m'makamera, mlangizi satsutsana naye komanso samuvomereza. Amangoyankha za mantha ali nawowo, n'kumufunsa chomwe chingamuthandize kuti amve kutetezeka. Amapereka zosankha zing'onozing'ono, monga kukhala pabenchi kapena kutuluka kunja kopita mphepo, popeza munthu yemwe walandidwa chilichonse amagwiritsitsa kaufulu komwe kamutsalira. Ngati pali chikaiko choti akufuna kudzipha, amamufunsa mosabisa mawu. Anthu ambiri amaopa kuti funso lotere lingamupatse maganizowo, koma kafukufuku wasonyeza kuti sizitero.

Chida chachikulu m'chikwama cha mlangizi ndi naloxone, mankhwala omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Narcan. Mankhwala ozunguza bongo a fentanyl, amphamvu pafupifupi maulendo 50 kuposa heroin, asefukira m'misewu ya ku San Francisco, ndipo mu 2023 anthu oposa 800 anafa mumzindawo chifukwa chopyola muyezo wa mankhwala osiyanasiyana. Munthu yemwe fentanyl wamupitirira amapuma pang'onopang'ono kapena kuleka kumene, milomo imachita bii, timaso tapakati timachepa ngati kansonga ka singano. Mlangizi amamugoneka chagada, n'kumupopera naloxone m'mphuno imodzi, kwinaku ambulansi yaitanidwa. Pakatha mphindi 2 kapena 3 munthu uja amayamba kupuma, ndipo ngati sanatsitsimuke amamupoperanso m'mphuno inayo. Ambiri amadzuka ali okwiya, thupi likuwawa, ena akusanza, ndipo si onse amathokoza. Ngozi imakhala isanathe, chifukwa mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90 pomwe mankhwala aja angakhale akadali m'thupi. N'chifukwa chake kumunyengerera kuti akwere ambulansi ndi gawo la ntchito yomweyo.

Nthawi zina kunyengerera kumakanika. Lamulo la California la 1967 lotchedwa Lanterman-Petris-Short Act, pa ndime yodziwika ndi nambala 5150, limalola wapolisi kapena wachipatala wovomerezeka kutengera munthu kuchipatala iye asakufuna, kwa maola osapitirira 72, ngati matenda a maganizo akumuchititsa kukhala chiopsezo kwa iye mwini kapena kwa ena, kapena ngati sangathe kudzipezera chakudya, zovala ndi pogona. Lamuloli linalembedwa pofuna kuthetsa mchitidwe wotsekera anthu m'zipatala kwa zaka popanda kuwamva. Zotsatira zake zina n'zakuti ambiri amatulutsidwa pakangopita maola ochepa mtima ukatsika, ndipo mawa lake amapezekanso pabenchi yomwe ija.

Kukana thandizo

Ntchito yofikira osowa pokhala imayenda pang'onopang'ono kuposa yazadzidzidzi. Alangizi amayendera masiteshoni tsiku ndi tsiku mpaka adziwane ndi anthu omwe amapezekamo kawirikawiri, akudziwa yemwe ali ndi bala la pamwendo, yemwe anali msilikali ndipo akuyenera kulandira thandizo la boma, ndi yemwe ali ndi mlongo wake kudera lina woti angamulandire. Amagwira ntchito limodzi ndi magulu a m'zigawo, monga Homeless Outreach Team ya ku San Francisco ndi CORE ya ku Contra Costa.

Anthu oona patali amadabwa kumva kuti ambiri amakana akapatsidwa malo ogona. Zifukwa zake zimamveka munthu akazimvetsera. Malo ambiri salola agalu, pomwe galuyo ndiye mlonda ndi bwenzi la mwini wake. Ena amalekanitsa mwamuna ndi mkazi wake. Ena amaletsa katundu wochuluka, ndiye kuti bedi la usiku umodzi limatayitsa munthu tenti ndi mabulangete. M'holo yogona anthu ambiri mumakhala kuba, phokoso ndi nsikidzi, ndipo m'mawa aliyense amatulutsidwa. Palinso ena omwe analonjezedwa nyumba kangapo osaiona, moti sakhulupiriranso aliyense wonyamula fomu. Ngakhale wovomera amakumana ndi chipika china: alibe chiphaso. Popanda chiphaso sangalembetse nyumba, thandizo la ndalama kapena ntchito, ndipo kuti apeze chiphaso pamafunika satifiketi yobadwira ndi keyala yolandirirapo makalata. Mbali yaikulu ya tsiku la mlangizi imathera pafoni ndi pamapepala otere, ntchito yosaoneka koma yomwe kawirikawiri imatsegula khomo.

Zina mwa njira zothandiza kwambiri zinali zosavuta. Zimbudzi za m'masiteshoni apansi panthaka a BART zinatsekedwa pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Sepitembala 2001, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 zikepe ndi makwerero ndizo zinasanduka zimbudzi, zomwe zinkazunza kwambiri anthu oyenda pa njinga za olumala ndi amayi okankha ana. Mu 2018 BART inaika anthu oyang'anira zikepe pa masiteshoni a Civic Center ndi Powell Street, ambiri a iwo otuluka kundende, olembedwa kudzera m'mabungwe a m'deralo. Kungokhalapo kwa munthu wopereka moni m'chikepe kunachepetsa kwambiri uve ndi kubayirana mankhwala m'menemo. Mu 2022 zimbudzi zinayamba kutsegulidwanso, zili ndi ozisamalira.

Ku Philadelphia, kampani ya sitima ya SEPTA inachita mosiyanako. Mogwirizana ndi mzinda ndi bungwe la Project HOME, inapereka malo mkati mwa Suburban Station otchedwa Hub of Hope, omwe anayamba mu 2012 ngati a nyengo yozizira yokha ndipo anakhala okhazikika mu 2018. Munthu amalowa, n'kumwa khofi, kusamba, kuchapa zovala, kuonana ndi wachipatala ndi kulankhula ndi womuthandiza kupeza nyumba. Wapolisi wa sitima kumeneko amakhala ndi koti amulozere munthu, pamtunda wongoyenda pansi.

Mikangano yomwe ilipo

Si onse amagwirizana ndi ntchitoyi. Ena amati alangizi asamakhale pansi pa apolisi konse, chifukwa munthu yemwe wathamangitsidwa ndi yunifolomu moyo wake wonse sangaulule zakukhosi kwa wonyamula wayilesi ya apolisi. Oikira kumbuyo dongosololi amayankha kuti uthenga wangozi umafikira kwa apolisi, ndiye mlangizi yemwe ali m'nthambi yomweyo ndi amene angatumizidwe msanga, komanso apolisi amaphunzira poona mmene anzawowo akuchitira. Kumbali inayo kuli okwera sitima omwe amati atopa ndi utsi wa mankhwala, fungo ndi mantha, ndipo akufuna apolisi ochuluka. Dandaulo lawo si lopeputsa, ndipo ambiri odandaulawo ndi anthu opeza pang'ono omwe alibe galimoto. Kwa BART nkhaniyi ikukhudzanso ndalama: mliri wa Covid-19 usanafike inkanyamula anthu pafupifupi 400,000 pa tsiku la ntchito ndipo inkadalira kwambiri ndalama za matikiti, koma okwera anatsika kwambiri ndipo sanabwerere onse. Motero kampaniyi yakhala ikuchita zonse ziwiri, kuonjezera apolisi m'sitima ndi kuika zipata zazitali zovuta kudumpha kuyambira mu 2023, kwinaku ikusunga alangizi.

Zochitika ku New York zinaonetsa kuti ngozi ili mbali zonse. Mu Januwale 2022 Michelle Go anafa atakankhidwira kutsogolo kwa sitima pa Times Square ndi bambo wosowa pokhala yemwe ankadwala kwambiri matenda a maganizo. Mu Meyi 2023 Jordan Neely, wosowa pokhala komanso wodwala, anafa m'sitima atakanyangidwa pakhosi ndi wokwera mnzake. Amuna awiri odwalawa anali atalowa ndi kutuluka m'zipatala kangapo. Kunena zoona, odwala matenda a maganizo ambiri sachita chiwawa, ndipo nthawi zambiri iwo ndi amene amachitidwa chipongwe.

Malamulo nawo asintha. Mu Juni 2024 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass, linagamula kuti mizinda ikhoza kulanga anthu ogona panja ngakhale palibe malo okwanira owasungira. Matenti akapasulidwa mumsewu, eni ake sasowa ayi, amangosamukira kwina, ndipo siteshoni imakhala pafupi.

Kuyeza phindu la ntchitoyi n'kovuta. Malipoti amawerenga anthu omwe alankhulidwa, omwe atumizidwa ku mabungwe ndi omwe atsitsimutsidwa ndi naloxone. Nambala yomalizayi ndi miyoyo yeniyeni, koma kutumiza munthu ku bungwe sikutanthauza kuti wapeza pogona. Njira yomwe kafukufuku wasonyeza kuti imachotsadi anthu pamsewu kwa nthawi yaitali ndi ya Housing First, yomwe Sam Tsemberis anayambitsa ku New York mu 1992: munthu amapatsidwa nyumba poyamba, popanda kumukakamiza kuti ayambe wasiya mowa kapena mankhwala, kenako thandizo la chipatala limamupeza ali m'nyumbamo. Njirayi imafuna nyumba, ndipo ku California mndandanda wa odikira ndi wautali. Mlangizi wa pasiteshoni angapulumutse munthu ku imfa, angaletse mkangano kusanduka maliro, ndipo angamupezere chiphaso, koma mabedi a m'chipatala ndi makiyi a nyumba zili m'manja mwa maboma a zigawo ndi mizinda, osati apolisi a sitima.